Tchuthi cha Malimwe Pakati pa Minda ya Tiyi

Sukulu zikatsekera kumapeto kwa Julayi, ana athu amakhala pakhomo masabata angapo kufikira mwezi wa Sepitembala. Kunena zoona, nyengo imeneyi ndi yokoma koposa zonse m'chaka. Chimanga chili m'nkhokwe, njira zauma, mitsinje yaphwera, chisanu cha Juni chayamba kutha, ndipo kutentha kwa Okutobala sikunafike. Komabe makolo ambiri amaiopa nyengoyi, ndipo mantha awo sali achabe. Mphunzitsi aliyense amadziwa kuti potsegulira sukulu pamakhala mayina ena m'kaundula amene eni ake sayankhanso. Wina anapita kuganyu ndipo ndalama zamukomera, wina wakwatiwa asanakhwime, wina wangozolowera kukhala pamsika kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Mwana wosowa chochita amadzipezera yekha chochita, ndipo kawirikawiri sichikhala chimene makolo ake akadamusankhira.

Chifukwa cha ichi, mabanja anayi a m'dera lathu kuno ku Thyolo tinapangana kuti tchuthi chapitachi chisangodutsa chabe. Tinali akuluakulu 7 ndi ana 16, wamng'ono wa zaka 8, wamkulu mtsikana wa Fomu 3. Palibe mwa ife amene ali ndi galimoto, ndipo palibe wolemera. Tinayamba kusonkha pang'onopang'ono kuyambira mu Meyi, banja lililonse monga mwa mphamvu zake, ndipo mayi mmodzi tinamusankha kusunga thumba. Tinayenda maulendo atatu. Ndifuna ndikusimbireni za maulendowa, awerengi okondedwa, kuti mabanja ena aone kuti ulendo wopindulitsa sulira kuti munthu afike kunyanja kapena ku Johannesburg.

Ulendo woyamba: kutsatira tsamba la tiyi

Ana athu anabadwa akuona minda ya tiyi, ndipo chimene munthu amachiona tsiku ndi tsiku sachifunsa. Tisananyamuke ndinawafunsa kuti tiyi anachokera kuti. Mnyamata wina anayankha nati, "Aphunzitsi, si anamera yekha ngati bowa?" Anzake anaseka, koma panalibe amene anali ndi yankho loposa limenelo.

Tsono mbiri yake ndi iyi. Mitengo yoyamba ya tiyi m'dziko muno inabzalidwa pa Mishoni ya Blantyre, imene amishoni a ku Scotland anaitsegula mu 1876. Mu 1891 mzungu wina dzina lake Henry Brown, amene kale ankalima khofi ku Ceylon, dziko limene lero tikulitcha Sri Lanka, anatenga mbewu pamishonipo nakabzala ku Mulanje. Khofi atakanika chifukwa cha matenda ndi kutsika kwa mtengo, azungu a minda anatembenukira ku tiyi, ndipo mbewuyi inafika ku Thyolo m'zaka zoyambirira za m'ma 1900. Esiteti ya Satemwa, imene ili m'tsinde mwa phiri la Thyolo, anaiyamba ndi Maclean Kay wa ku Scotland mu 1923. Motero dziko lathu lili m'gulu la mayiko oyamba mu Africa kulima tiyi wogulitsa kunja, ndipo kwa zaka zambiri linali lachiwiri kwa Kenya pa kuchuluka kwa tiyi.

Tinalemba kalata kwa akuluakulu a esiteti ina yoyandikana nafe kupempha chilolezo, ndipo anativomera natipatsa kapitawo woti atitsogolere. Tinanyamuka wapansi kusanache, mame ali gwaa m'masamba. Mwezi wa Ogasiti si nyengo yothyola kwambiri, pakuti tiyi amaphukira mwamphamvu m'dzinja, kuyambira Disembala mpaka Epulo. M'malimwe ndimo amadulira mitengo, ndipo m'minda ina tinapeza zitsa zokhazokha zotuwa. Kapitawo uja anafotokozera ana kuti mtengo wa tiyi ukasiyidwa osaudulira umakula kupitirira denga la nyumba, koma amausunga wofika m'chiuno kuti wothyola afikire nsonga zake, ndiponso kuti uziphukira masamba anthete.

M'munda wina wothiriridwa tinapeza amayi akuthyola, madengu ali kumsana. Mayi mmodzi anaitana mtsikana wathu wamkulu uja nati, "Bwera mwanangu, uyese. Utenge masamba awiri ndi kansonga kake, osati nthambi yonse." Mtsikanayo anayesa kanthawi, ndipo masamba amene anathyola sanadzaze ngakhale chikhatho chake, pamene mayiyo manja onse awiri anali kuyenda ngati akuomba ng'oma. Ana atamva kuti pamafunika makilogalamu 4 kapena 5 a masamba aawisi kuti papezeke kilogalamu imodzi ya tiyi wouma, ndi kuti wothyola amalandira malipiro molingana ndi kulemera kwa zimene wakweza pasikelo, anangoti chete. Ena mwa iwo makolo awo amagwira ntchito yomweyi, koma anali asanaimepo m'mzere kuona mmene msana umapindikira.

Kufakitale tinaona njira yonse imene tsamba limayenda. Poyamba masamba amawayala m'mabedi aatali momwe mumadutsa mphepo, kuti afote. Kenaka makina amawadula ndi kuwapera, ndipo amawasiya kanthawi pamphepo mpaka mtundu wobiriwira usanduke wofiirira. Pamenepo ndipo pamabadwa fungo lija timalidziwa m'kapu. Akatero amawaumitsa ndi mpweya wotentha, ndipo moto wake umachokera ku nkhuni za bulugama. Ichi ndicho chifukwa chake esiteti iliyonse ili ndi nkhalango yake ya bulugama. Potsiriza amasefa tiyi ndi kumugawa m'magulu monga mwa kukula kwa timasamba. Wina amagulitsidwa pa okushoni ya tiyi ku Limbe, ndipo wochuluka amapita kunja, makamaka ku South Africa ndi ku Britain.

Mbiri imene sili pa chikwangwani

Madzulo a tsiku limenelo tinasonkhana pabwalo la banja lina, ndipo tinaitana gogo wina wa m'mudzimo, wa zaka zoposa 80, kuti ana amve mbali ina ya nkhaniyi. Minda yobiriwira ija ndi yokongola ndithu, koma kukongola kwake kunagulidwa ndi thukuta, ndipo ana ayenera kudziwa zimenezi ali aang'ono.

Gogoyo anawasimbira mmene makolo ake, Alhomwe, anaolokera mtsinje wa Ruo kuthawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique, napeza malo abwino onse ali kale m'manja mwa azungu. Kuti munthu aloledwe kumanga nyumba ndi kulima kamunda, ankayenera kugwirira ntchito mwini esiteti m'malo mwa lendi, ndipo ntchitoyo inkafunika m'dzinja, nthawi imene munda wake womwe unali kudikira khasu. Imeneyi ndiyo thangata. Mawu amene kale ankatanthauza kuthandizana pakati pa abale anasanduka dzina la goli. Thangata anali chimodzi mwa zifukwa zimene John Chilembwe anaukira mu Januwale 1915 ku Chiradzulu, ndipo mu Ogasiti 1953 kuno ku Thyolo kunabuka chipolowe chifukwa cha nkhani ya malo pamodzi ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, anthu ena nafa. Thangata anathetsedwa ndi lamulo mu 1962, dziko litatsala pang'ono kulandira ufulu.

Mnyamata wina anafunsa nati, "Nanga agogo, bwanji minda yathu ikadali yaing'ono?" Funso limeneli ndi lalikulu, ndipo akuluakulu a dziko akulimbana nalo mpaka lero. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 720,000 m'boma la Thyolo, boma la makilomita 1,715 okha m'bwalo lake, ndipo gawo lalikulu la nthaka yabwino lili m'maesiteti. Maesiteti omwewo ndiwo amalemba anthu ambiri ntchito ndi kubweretsa ndalama zakunja. Sitinawabisire ana mbali iliyonse mwa ziwirizi. Tinawauzanso kuti kuyambira m'zaka za m'ma 1960 alimi wamba analoledwa kulima tiyi m'minda yawo, ndipo lero alipo ambiri ku Thyolo ndi ku Mulanje amene amagulitsa masamba awo ku mafakitale.

Ulendo wachiwiri: phiri la Thyolo

Patapita sabata tinakwera minibasi pamsewu wochokera ku Limbe kudzera pa Bvumbwe. Tinayamba taima pa Mwalawanthunzi, mwala umene uli m'mbali mwa msewu munthu asanafike paboma. Akale apaulendo ankauzungulira katatu ndi kuugogoda ndi kamwala, pokhulupirira kuti akatero ayenda bwino, ndipo nkhani imamveka yakuti omanga msewu ankati akauchotsa, m'mawa ankaupeza wabwerera pamalo pake. Ana anafunsa ngati zimenezi ndi zoona. Tinawayankha kuti ife sitiika chitetezo chathu pamwala, koma kuti mwalawo ndi mboni yakuti njira imeneyi inali kuyendedwa ndi makolo athu kalekale kusanabwere galimoto kapena tiyi.

Phiri la Thyolo ndi lalitali mamita oposa 1,400. Amene tili ndi zaka zoposa 50 tikukumbukira pamene linali lakuda ndi nkhalango kuchokera kutsinde mpaka pamwamba. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000, nkhalango ya boma ija inadulidwa pafupifupi yonse, anthu pofuna minda, matabwa ndi makala. Kachigawo kamene katsala kali mbali ya esiteti ya Satemwa, imene imalandira alendo opangana nayo. Kumeneko ndiko tinapita.

Palibe phunziro la m'kalasi limene likadaposa zimene ana anaona ndi maso awo. M'kati mwa nkhalango munali mthunzi ndi chinyezi, nthaka yofewa ndi masamba oola, timitsinje tikuyenda ngakhale mvula inali italeka miyezi inayi yapitayo. Titangotulukira kumalire, tinaona mbali ina ya phiri ili mbee, nthaka yofiira, makwawa ouma, ndi ngalande zimene madzi a dzinja anakumba. Wotitsogolera anauza ana za kambalame kena kamene akatswiri a mbalame padziko lonse amakatcha Thyolo alethe, chifukwa kanatchulidwa dzina la phiri lomweli. Ndi kofiirira kumsana, koyera kumimba, ndipo kamakonda kutsatira linthumbu kuti kadye tizilombo tothawa. Kamakhala m'nkhalango za m'mapiri ochepa okha a kumwera kwa Malawi ndi kumpoto kwa Mozambique, ndipo kali pangozi yakutha. Ife sitinakaone, ngakhale ana anakhala duu kwa nthawi yaitali ndithu. Mwana wamng'ono uja ananong'oneza amake nati, "Amayi, mitengo yotsalayi ikatha kadzapita kuti?" Amake analibe yankho.

Pamwamba tinadya mbatata yootcha ndi nthochi, tikuyang'ana dziko. Kuvuma phiri la Mulanje linaima lokha pamwamba pa chigwa, ndipo kuzambwe nthaka inatsetsereka mpaka kuchigwa cha Shire, kumene mtsinje unali kunyezimira patali cha ku Chikwawa. Ana amene mayina awa ankangowaloweza pokonzekera mayeso anayamba kulozerana okha. Nthochi zomwezo zinatipatsa nkhani ina, pakuti Thyolo kale inkadyetsa mzinda wa Blantyre nthochi zodzaza malole, mpaka pamene matenda a chisaka anaononga minda yambiri. Alimi tsopano akuzula zitsa zodwala ndi kubzala mbewu yatsopano.

Ulendo wachitatu: masiku atatu ku Likhubula

Ulendo waukulu tinausunga kumapeto. Tinadzera pa Luchenza, pomwe ana anaona njanji imene inafika ku Blantyre mu 1908, tinaoloka Thuchila, ndipo pa Chitakale tinakhotera kumsewu wa ku Phalombe mpaka ku Likhubula, m'tsinde mwa phiri la Mulanje. Kumeneko Sinodi ya Blantyre ili ndi malo ake ogona alendo ndi ochitirako misonkhano ya achinyamata, otchedwa Likhubula House. Tinatenga ufa, nyemba, usipa ndi mapoto athu, ndipo ntchito tinagawana. Anyamata anatunga madzi ndi kutsuka mbale chimodzimodzi ndi atsikana, ndipo panalibe wodandaula, chifukwa paulendo mwana amachita mokondwa zimene pakhomo amazichita monyinyirika.

Tsiku loyamba tinapita ku Dziwe la Nkhalamba, ulendo wa pafupifupi ola limodzi kukwera mtunda. Madzi amagwa kuchokera pathanthwe kulowa m'dziwe lozizira ngati matalala. Akale ankakhulupirira kuti kumeneko kumakhala mizimu, ndipo ankaperekako nsembe. Dziweli ndi lakuya, ndipo latengapo miyoyo ya anthu, motero tinalola ana kusewera m'mbali mosaya mokha, abambo awiri ataima m'madzi pakati pa iwo ndi pakuya.

Tsiku lachiwiri ana aakulu 9 ndi akuluakulu 4 tinakwera kupita ku Chambe, titatenga wotsogolera wovomerezeka pa ofesi ya zankhalango. Njira ndi yotsetsereka kwambiri, ndipo tinayenda maola oposa atatu. Apa ndipo tinaona zimene sitiziona pakhomo. Mnyamata amene m'kalasi amakhala kumbuyo osalankhula ndiye anasenza chikwama cha mnzake amene anatopa. Mtsikana amene ankalira kuti abwerere ndiye anayamba kufika pamwamba. Bambo wina anandiuza pobwerera kuti pa maola amenewo analankhula ndi mwana wake wamwamuna zambiri kuposa zimene analankhula naye chaka chonse, pakuti panjira yokwera mulibe wailesi kapena lamya, ndipo anthu awiri oyenda pamodzi satha kukhala chete mpaka kalekale.

Wotsogolera anatilozera mbali imene kuli Sapitwa, nsonga yaitali koposa m'dziko muno, ya mamita 3,002. Anationetsanso zitsa za mkungudza, mtengo wonunkhira umene mwachilengedwe umamera paphiri ili lokha, ndipo unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu mu 1984. Ocheka matabwa mozemba ndi moto wolusa anaumaliza pafupifupi wonse, ndipo tsopano a bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust pamodzi ndi anthu a m'midzi yozungulira akubzala mbande zambirimbiri. Mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje m'kaundula wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi. Alendo amaoloka nyanja zazikulu kudzaliona, pamene ana obadwira m'tsinde mwake ambiri sanapondeko.

Phiri limafuna ulemu. Masana dzuwa lili phwee, mwadzidzidzi kunabwera nkhungu ya chiperoni, imene dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique, ndipo munthu sankatha kuona mnzake amene ali patsogolo pake mapazi khumi. Wotsogolera anatiimitsa pamodzi mpaka kunayera. Anatikumbutsa za mnyamata wa ku Brazil amene mu 2009 anapitiriza yekha ulendo wa ku Sapitwa, nyengo itaipa, napezeka atamwalira ndi chisanu. Potsika ana anaonanso zipsera zoyera m'mapiri momwe miyala ndi matope zinatsetsereka pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ngozi imene akale ankaitcha Napolo, yomwe inagwanso ku Phalombe mu 1991.

Malangizo kwa ofuna kuyesa

Choyamba, musayende banja limodzi lokha. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mabanja angapo akaphatikizana mtengo wa ulendo umapepuka, maso oyang'anira ana amachuluka. Mutengenso mwana mmodzi kapena awiri amene makolo awo sangathe kusonkha, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Chachiwiri, pemphani chilolezo nthawi ikadalipo. Minda ya tiyi ili ndi eni ake ndi alonda ake, ndipo fakitale ili ndi makina oopsa. Kalata yaulemu yolembedwa masabata awiri ulendo usanafike imatsegula zipata zambiri. Kuphiri musakwere popanda wotsogolera wovomerezeka, ngakhale wina mwa inu atanena kuti njira akuidziwa. Safunsa anadya phula.

Chachitatu, mwana aliyense akhale ndi juzi, nsapato zolimba ndi botolo la madzi, ndipo wamkulu mmodzi asunge mankhwala a mabala ndi a mutu. Nyamukani m'mamawa kuti mubwerere dzuwa likadalipo. Werengani ana ponyamuka, popuma ndi pofika. Musayatse moto m'tchire, pakuti udzu wa mu Ogasiti suchedwa kugwira, ndipo musasiye mapepala kapena mabotolo pamene mwadyera.

Chachinayi, mpatseni mwana aliyense kope ndi pensulo kuti madzulo alembe zimene waona. Makope a ana athu tinawawerenga pamodzi titabwerera, ndipo munali zinthu zimene ife akuluakulu sitinazione konse. Mwa zimene analemba munatuluka pempho lakuti tifese mbewu za mitengo yachilengedwe, ndipo tsopano kuseri kwa nyumba ina kuli nazale ya mibawa imene anawo akuithirira mosinthana, kudikira mvula ya Disembala.

Kwa inu achinyamata, musadikire kuti makolo ayambe ndiwo. Pitani kwa bambo ndi mayi mwaulemu, muwauze malo amene mufuna kuona, ndipo muonetse kuti mwakonzeka kusonkhapo kanthu kuchokera m'dimba kapena m'khola lanu la nkhuku. Boma lililonse lili ndi phiri lake, mtsinje wake ndi nkhalamba zake zodziwa mbiri, ndipo nkhalambazo sizidzakhala nafe nthawi zonse. Ife a ku Thyolo tayamba kale kusonkha za chaka chamawa, pakuti ana amva za mathithi a Zoa pa mtsinje wa Ruo, kumalire ndi Mozambique, ndipo sakutipatsa mpata wopuma.